Njinga ya ku Makanjira, ku Namwera ndi ku Cape Maclear: nditenge iti?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Malindi: "Kwathu ndi ku Makanjira ndipo ndikufuna ndizipitako pa njinga mwezi ndi mwezi. Pa holide ndimalakalaka kukwera ku Namwera mpaka ku Chiponde, ulendo wina ndikafike ku Cape Maclear, nditanyamula zovala, chofunda ndi kapoto. Ndaona njinga zitatu. Yoyamba ndi yatsopano ya m'sitolo, ya masipuling'i kutsogolo ndi pakati. Yachiwiri ndi ya kaunjika, ya aluminiyamu, mawilo a 29, mabuleki a mafuta. Yachitatu ndi ya kaunjikanso, yachitsulo, yakale ndithu, mawilo a 26, penti inasuluka. Nditenge iti, nanga ndisinthe chiyani?"

Aphunzitsi, tengani yachitatuyo, bola ipambane mayeso amene ndikuuzeni pansipa. Ndalama zimene zitsale muziike pa wilo yam'mbuyo, matayala ndi magiya, mwa ndondomeko imeneyo. Ndakhala ndikukonza njinga pa boma la Mangochi pano zaka zambiri, ndipo funso limene ndimayamba kufunsa munthu wa maulendo ataliatali ndi lakuti: ikakuthyokerani pakati pa Lungwena ndi Makanjira dzuwa lili paliwombo, adzakukonzereni ndani, ndipo ndi zipangizo ziti? Msewu umenewo kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi wa makilomita pafupifupi 100. Okonza njinga mudzawapeza pansi pa mitengo m'misika yambiri ya m'njiramo, ndipo ndi anthu aluso, koma chimene ali nacho ndi sipanala, pulayala, hamala, sulushoni, ndi zipangizo za njinga zimene anthu a kumeneko amakwera. Njinga yanu iyenera kugwirizana ndi bokosi lawolo.

Yatsopano ya masipuling'i awiri ija musachedwe nayo. Sipuling'i ya pakati pa njinga zotchipa zoterezi imangodumpha, ilibe choiletsa, kotero mphamvu yanu ina imathera m'kunjanja m'malo mokankha wilo. Polumikizira pake pamayamba kugwedera mchenga ukangolowa, ndipo poti mbali yam'mbuyo imayenda payokha, mulibe pomangirira kaliyala wodalirika. Njinga za masipuling'i awiri zenizeni zilipo, za mpikisano wa m'mapiri, koma mtengo wake ndi wina, ndipo nazonso sanazipangire kunyamula kapoto ndi chofunda.

Ya aluminiyamu ija ndi njinga yabwino, sindikunama. Wilo ya 29 imadutsa bwino pa miyala ndi pa mizere ija ya msewu wadothi yokhala ngati malata, ndipo mabuleki a mafuta amagwira ndi chala chimodzi. Mukanakhala kuti mumangozungulira pafupi n'kumagona kunyumba tsiku lililonse, ndikanati itengeni. Vuto lake lili pa zinthu zitatu zimene zikawonongeka kutali simungazipeze: tayala, paipi ya buleki, ndi felemu yeniyeniyo. Aluminiyamu akang'aluka safuna makina wamba owotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko. Amafuna makina ake, ndipo mtundu wa 6061 umene amapangira njinga zambiri umafooka pamene pawotchedwapo pokhapokha felemu yonse itaphikidwanso pa moto woyezedwa. Za mabuleki, paipi ikabooka mafuta amatha ndipo chogwirira chimangofika pa handulo osaluma kanthu. Mafutawonso ndi amitundu iwiri: a Shimano amafuna mafuta a mineral, pomwe ena, monga ambiri a SRAM, amafuna a DOT ngati a galimoto. Mukathira olakwika timipira ta m'kati timafufuma, buleki yonse n'kutayika.

Pa tayala ndichedwepo, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Nambala yaikulu yolembedwa pa tayala, 26 kapena 28 kapena 29, siyinena zoona zonse. Yang'anani m'mbali mwa tayala mupeze manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 54-559. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu pamene mkombero wa tayala umakhala. Yachiwiriyi ndiyo iyenera kufanana ndi ya limu yanu, popanda kunyengerera. Njinga ya m'mapiri ya 26 ndi 559. Ya 27.5 ndi 584. Ya 29 ndi 622. Njinga zathu zakuda za mtundu wa Humber ndi Phoenix, za 28 x 1 1/2, ndi 635. Mwaona pamenepo: tayala lotchedwa 28 ndi lalikulu kuposa limu ya 29, ndi mamilimita 13, ndipo mukaliveka limangovuka. Palinso 26 ina, ya 26 x 1 3/8, imene imabwera pa njinga zambiri za kaunjika zokwera m'tauni. Imeneyo ndi 590, ndipo silowana ndi 559 ngakhale onse awiri amatchedwa 26.

Chaka china kunabwera mnyamata wina atakweza njinga yake ya 29 pa lole kuchokera cha ku Makanjira. Mwala unam'ng'ambira tayala m'mbali. Anagula la 28 pa msika woyandikira poganiza kuti kusiyana kwa inchi imodzi angakukakamize, anataya theka la tsiku akulimbana nalo, mapeto ake analipira tayala losagwira ntchito ndi lole yomwe. Njinga yake ikanakhala ya 26, tayala la 559 akanalipeza pa msika womwewo. N'chifukwa chake musanapereke ndalama pa njinga yachitatu ija, werengani nokha nambalayo. Ikakhala 590, si njinga ya m'mapiri, ndipo tayala lonenepa silingalowe.

Tsopano felemu. Tengani kamaginito, ngakhale ka mu sipikala yakufa ya wailesi: kakamata, ndi chitsulo. Mukaona kachizindikiro kolembedwa Cr-Mo kapena 4130 pa paipi yotsika pansi pa chishalo, mwapeza chitsulo chabwino, cholimba koma chopepuka, chimene ankapangira njinga zambiri za m'mapiri za m'ma 1990 monga Specialized Rockhopper. Chopanda chizindikirocho n'cholemerapo koma chimagwira ntchito. Penti yosuluka isakuopseni. Choopsa ndi ichi: pitirizani chala pansi pa mapaipi awiri aja pamene akumana ndi khosi la njinga. Mukamva kakhwinya kapena kotupa, kapena penti itasweka mozungulira paipi ngati mphete, njingayo inagundapo chinthu ndi kutsogolo ndipo felemu inapindika. Isiyeni. Yang'ananinso foloko cham'mbali, miyendo yake isaoneke yobwerera m'mbuyo. Itembenuzeni muone pansi pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo, ndi timapaipi tiwiri topita ku wilo yam'mbuyo, chifukwa madzi amakhazikika m'menemo ndipo dzimbiri limadya kuchokera m'kati. Gogodani ndi sipanala pang'onopang'ono. Pamene padyeka pamalira mosiyana ndipo nthawi zina pamabonyoka.

Mayeso ena awiri ndi osavuta. Masulani bawuti ya chishalo muone ngati paipi yake ikukwera ndi kutsika. Paipi ya aluminiyamu ikakhala zaka m'felemu yachitsulo popanda girisi imamatirira, ndipo ndaonapo mafelemu abwino akuwonongeka poyesa kuichotsa. Kenako tengani ulusi, muumange pamene pamalowa ekiselo yam'mbuyo mbali imodzi, muuzungulitse pa khosi la njinga, mubwere nawo mbali inayo. Yezani mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo uku ndi uku. Ukasiyana kwambiri, felemu ndi yokhota, ndipo njinga yotero imakoka mbali imodzi mukaisenzetsa katundu.

Ikhalenso ya msinkhu wanu. Mutaima pansi njinga ili pakati pa miyendo, pakhale mpata wa zala zitatu kapena zinayi pakati pa inu ndi paipi yapamwamba, chifukwa mu mchenga mudzatsika mwadzidzidzi kambirimbiri. Chishalo chikwere mpaka mwendo uwongoke chidendene chili pa pedulo yapansi. Ngati foloko yake ndi yachitsulo yopanda sipuling'i, kondwerani, musaisinthe.

Kunena kuti chitsulo chimawotchereka sikutanthauza kuti aliyense wa makina achiwotche. Mapaipi a Cr-Mo ndi opyapyala, pakati pake sapitirira milimita imodzi, ndipo ndodo yowotcherera mageti imangowaboola. Zikakuvutani m'njira, funani wa gasi amene amalumikiza ndi mkuwa, kapena muuze wa magetsiyo atsitse moto ndipo avekepo kachitsulo kothandizira. Zimenezo zimakufikitsani kwanu.

Ndalama yoyamba ipite ku wilo yam'mbuyo, poti ndiyo imasenza inu ndi katundu yemwe. Limu ikhale ya aluminiyamu ya makoma awiri, ya mabowo 36. Mukachotsa tayala ndi lamba wa m'kati, limu ya makoma awiri imaonetsa mabowo okhaokha, mitu ya masipoko ili pansi pa khoma lachiwiri. Ya khoma limodzi mitu imaonekera poyera. Limu yachitsulo yonyezimira ija ndi yolimba, koma ikanyowa mabuleki amangotsetsereka, ndipo pa chitsetse cha ku Chowe mvula ikugwa simungafune zimenezo. Ngati limu imene ilipo yadyeka m'mbali mpaka kulowa ngati supuni, yatha, chifukwa mchenga wa kuno umasandutsa mabuleki kukhala tupa. Masipoko akhale osachita dzimbiri, a mamilimita 2, ndipo amene akulukireni awakoke mofanana. Wilo imalimba chifukwa cha kukokedwa kofanana, kunenepa kwa sipoko kumabwera pambuyo. Sipoko yolendewera ndiyo imathyoka pa chigongono pake, ndipo imodzi ikapita anzake oyandikana nayo amatsatira. Mukayenda masabata awiri oyamba, bwererani nayo akaikokenso.

Yang'anani habu, chapakati pa wilo yam'mbuyo pamene pamadutsa ekiselo. Pali za fuliwilo, pamene mulu wa magiya umapoteredwa pa habu, ndi za kaseti, pamene magiyawo amangolowetsedwa n'kumangidwa. Pa ya fuliwilo, mabelingi a mbali ya tcheni amakhala m'kati kwambiri, ndiye ekiselo imatsala ndi mbali yaitali yopanda chochirikiza, ndipo imapindika kapena kuthyoka ndi katundu pa mabampu, makamaka magiya akakhala 7 kapena kuposa. Pa ya kaseti mabelingi ali kunja, pafupi ndi felemu, ndipo ekiselo sithyoka wamba. Koma fuliwilo, ekiselo yake ndi makoni ake (timanati togwira mabelingi) zimapezeka paliponse. Maganizo anga ndi awa: mukapeza habu ya kaseti ya Shimano ili bwino, isungeni, ikakhala ya fuliwilo, musataye ndalama, ingonyamulani ekiselo yapadera ndi makoni ake, sizilemera.

Matayala akhale onenepa mainchi 2.0 mpaka 2.2, malinga pakhale mpata wokwanira chala pakati pa tayala ndi felemu, apo ayi matope a makande a m'dzinja adzamanga wilo. Mano akuluakulu otalikirana aja musawatsate. Ulendo wa ku Monkey Bay ndi makilomita opitirira 60 a phula, ndipo mano otero amangolira, kukuchedwetsani ndi kutha msanga. Funani tayala la mzere wogundizana pakati ndi mano m'mbali. Mu mchenga wa m'mbali mwa nyanja chimene chimakuyandamitsani ndi kunenepa kwa tayala ndi kuchepa kwa mpweya. Anthu kuno timakonda kupopa mpaka tayala ligonge ngati mwala, poti tinazolowera njinga zonyamula matumba a chimanga. Pa phula muli ndi katundu, 45 mpaka 50 psi (muyezo wa mpweya wa pa geji ya pampu) kumbuyo ndi zokwanira, kutsogolo kucheperako. Mukalowa mu mchenga tsitsani kufika cha m'ma 30, mudzaona njinga ikuleka kukumba. Mukatuluka n'kulowa pa miyala popaninso, chifukwa tayala lofewa likagunda mwala limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Mukaona timabowo totero dziwani kuti si minga, ndi mpweya unachepa. Choncho pampu yanuyanu ndi yofunika kuposa chokongoletsa chilichonse.

Minga ya mthethe ndi tina timinga tomwazika pansi m'tinjira ta ng'ombe ndi mbuzi ndiye mdani wa tsiku ndi tsiku. Matayala okhala ndi lamba woletsa minga m'kati, monga a Schwalbe Marathon, amathandiza kwambiri ngati mungawapeze ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo amakhalitsa. Mukalephera, njira ya akabaza imagwira: dulani mikombero ya tayala lakutha losalala, mulilowetse m'kati mwa latsopano. Njinga imalemerako, koma kumata kumachepa. Seulani m'mphepete mwa chodulacho pa simenti kuti musakhale mwakuthwa, apo ayi chomwecho chidzadula chubu. Zopanda chubu zija, zothira madzi omata okha, zimatseka minga bwino zedi, koma ndi kutentha kwa kuno madziwo amauma pa miyezi yochepa ndipo ogulitsa ali kutali. Kwa inu ndikuti khalani pa chubu, cha vavu yonenepa ngati ya galimoto, kuti muthe kupopa ngakhale pa malo omwetsera mafuta kapena kwa okonza njinga zamoto. Ndipo mukamata, pitirizani chala m'kati mwa tayala lonse musanabwezere chubu. Munga wotsalira ndiwo umaphwetsa kachiwiri musanafike patali.

Magiya ndi nkhani ya ku Namwera. Kuchoka pa boma, pamene tili pafupifupi pa msinkhu wa nyanja ya Malawi, msewu wa M3 umakwera mamita mazana angapo pa mapiri a Chowe mokhotakhota. Njinga yakuda ya mano 44 kutsogolo ndi 20 kumbuyo imayenda pafupifupi mamita 5 mukapalasa kamodzi, n'chifukwa chake onse amatsika n'kumakankha. Njinga ya 26 yokhala ndi mano 22 kutsogolo ndi 34 kumbuyo imayenda mita imodzi ndi masentimita 30 okha pa kupalasa kumodzi. Mumayenda ngati munthu wapansi wofulumira, koma muli pa chishalo, mawondo osawawa, katundu ali pa njinga. Werengani mano a njinga mukugulayo, a giya yaing'ono kwambiri kutsogolo ndi a yaikulu kwambiri kumbuyo. Zambiri zakale zili ndi 28 kutsogolo ndi 28 kumbuyo, zomwe ndi mamita 2 pa kupalasa kumodzi. Wopanda katundu akwera, wa katundu avutika. Kusintha kotchipa ndi kuika fuliwilo ya 14-34, ya mano 14 mpaka 34, bola chosinthira magiya cham'mbuyo chikhale cha mwendo wautali woti n'kufika pa 34. Magiya othamangira musawaganizire nkomwe, pa chitsetse njinga yolemera imathamanga yokha.

Khalani pa magiya 7 kapena 8 kumbuyo. Tcheni cha 6, 7 ndi 8 ndi chimodzi, n'chonenepa, n'chotchipa, ndipo chimapirira fumbi. Cha 10, 11 ndi 12 n'chopyapyala ndipo chilichonse chimafuna chakechake. Poti ndinu aphunzitsi, rula muli nayo: pa tcheni chatsopano, kuchoka pakati pa kapini kamodzi kufika pa kapini ka 20 kutsogolo kwake ndi masentimita 25.4 ndendende. Zikafika 25.6, sinthani tcheni chisanadye mano, chifukwa mukachedwa mudzagula tcheni, fuliwilo ndi mano akutsogolo nthawi imodzi. Oyilo wakuda wotsala mu injini musathire, ndipo mafuta ophikira amauma n'kukhala ngati ulimbo. Dontho la oyilo wopepuka pa kapini kalikonse, kenako pukutani kunja konse ndi kansanza mpaka kuoneke ngati simunathire. Tcheni chonyowa ndi oyilo mu mchenga wa ku Malindi chimadzipera chokha.

Mabuleki a V, a waya, okhala ndi timipira tatsopano, akukwanirani. Waya wake ndi timipira take zili m'misika yonse. Potsika ku Chowe muli ndi katundu musagwire buleki mosalekeza kuchokera pamwamba mpaka pansi. Limu imatentha mpaka chubu kuphulika kapena chigamba kumatuka. Gwirani mwamphamvu, siyani, gwiraninso, mabuleki onse awiri, ndipo imani kamodzi kapena kawiri mukhudze limu. Ikakuwotchani chala, dikirani izizire. Mwina ena akuuzani za Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, imene kaliyala wake anamupangira kusenza makilogalamu 100. Pa msewu wa ku Makanjira wokhawokha, ndi matumba a ufa, imeneyo ndi ngamila yeniyeni ndipo ndimailemekeza. Koma yodziwika kwambiri ija ndi ya giya imodzi, imalemera makilogalamu opitirira 20, ndipo buleki ya m'habu yopondera cham'mbuyo imatentha pa chitsetse chachitali. Kwa munthu wofuna Namwera ndi timapiri ta m'nkhalango ya Lake Malawi National Park polowera ku Chembe ku Cape Maclear, magiya ndi ofunika.

Kaliyala akhale wachitsulo, womangidwa ndi mabawuti pa timabowo ta felemu pafupi ndi ekiselo ndi pansi pa chishalo. Musalole kuti amuwotcherere ku felemu. A aluminiyamu a m'sitolo ambiri amalembedwa makilogalamu 25, ndipo pa msewu wa mabampu ndi bwino kusafika pamenepo. Katundu wolemera akhale m'zikwama ziwiri zolendewera uku ndi uku, pansi, zolemera mofanana. Pamwamba pakhale chofunda chokha. Mukaunjika zonse pamwamba, njinga imapepuka kutsogolo ndipo mu mchenga handulo imakuphonyani. Pamsana musabereke kanthu, kutentha kwa kuno sikulola. Mabawuti a kaliyala ndi amene amayamba kumasuka, choncho muziwakhudza ndi sipanala m'mawa uliwonse wa ulendo.

Chishalo, mapedulo ndi zogwirira musawonongerepo ndalama poyamba. Chishalo chofewa kwambiri chimanyula pa ulendo wautali. Yambani ndi chimene chilipo, muone pakatha masabata angapo. Mapedulo achitsulo a mano ndi abwino kuposa apulasitiki, ndipo pomasula kumbukirani kuti yakumanzere mazinga ake ndi otembenuka.

M'kachikwama ka zida mukhale pampu, machubu awiri, zigamba ndi sulushoni wosatsegula, zochotsera tayala, sipanala ya 15 ndi ya 10, ma Allen key a 4, 5 ndi 6, chodulira tcheni ndi timfundo take tingapo, kiyi wa masipoko, waya wa buleki ndi wa giya, ndi chidutswa cha tayala lakale choika m'kati tayala likang'ambika m'mbali. Masipoko anayi a muyezo wa wilo yanu yam'mbuyo muwamange ndi mphira ku felemu, chifukwa a njinga za 28 amene ali m'misika ndi aatali kwa inu. Amene amathyoka kawirikawiri ndi a mbali ya tcheni, ndipo kuti mulowetse yatsopano fuliwilo iyenera kuchoka, ndiye kachitsulo kochotsera fuliwilo yanuyo kakhale m'thumba. Sipanala yaikulu yokazunguzira mudzabwereka kwa okonza njinga kapena ku chigayo.

Malo a mabotolo a madzi akhale awiri pa felemu, ndi chigubu china m'chikwama. Mu Okutobala ndi Novembala nyamukani anzathu achisilamu akamaitanira swala ya m'bandakucha, kuti dzuwa likamafika pamutu mukhale mutakhala pansi pa mtengo wa mango. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira bwino, koma mwera umawomba kuchokera kummwera: popita ku Makanjira udzakukankhani kumsana, pobwerera ku Malindi mudzalimbana nawo maso ndi maso, ndiye tsiku lobwerera muliwerengere maola ochulukirapo. M'dzinja funsani kaye a minibasi ndi a njinga zamoto za mitsinje ya m'njiramo musananyamuke, ndipo mukawoloka madzi ofika pa habu, mukafika masulani muike girisi watsopano.

Njingayo mukaigula, musayambe ndi Makanjira. Isenzetseni katundu yense amene mukufuna kudzanyamula, mupite ku Lungwena n'kubwerera Loweruka limodzi. Chimene chimasuke, chilire kapena chikupwetekeni pa ulendo umenewo, bwerani nacho pa boma tidzachione pamodzi holide isanafike.